JAXB, XStream kapena Jackson: nditenge iti yosinthira ma object kukhala XML?

Wowerenga wina watilembera motere: "Ndikulemba pulogalamu ya Java 17 pa Spring Boot 3. Ikufunika kutumiza ma invoice ku kampani ina ndi kulandira mayankho awo, zonse mu XML. Iwo atipatsa mafailo awiri a XSD ndi zitsanzo zingapo. Mauthenga ambiri ndi aang'ono, koma usiku uliwonse kumabwera failo imodzi ya pafupifupi 600 MB. Ndinayamba ndi JAXB potsatira phunziro lina lakale, koma pulogalamu ikukana, ikuti package javax.xml.bind does not exist. Mnzanga wina akuti JAXB inafa kalekale, nditenge XStream poti ndi mizere iwiri yokha. Wina akuti tili kale ndi Jackson ya JSON, tingowonjezera mbali ya XML. Mutu waima. Nditenge iti?"

Mtima m'malo, palibe chimene mwaononga. Uthenga womwe mukuuonawo wavutitsa pafupifupi aliyense amene anachoka pa Java 8 kupita ku Java yatsopano, ndipo kuukonza ndi nkhani ya mizere yochepa mu pom.xml. JAXB sinafe, inangosamuka nyumba. Inalowa m'kati mwa JDK pa Java 6 mu 2006, ndiye kwa zaka zoposa khumi anthu ankaigwiritsa ntchito osaika kalikonse. Java 9 inachenjeza kuti ichotsedwa, ndipo Java 11, yomwe inatuluka mu September 2018, inaichotsadi pamodzi ndi xjc, chida chake chopanga ma class kuchokera ku XSD. Kenako inapita ku Eclipse Foundation n'kutchedwa Jakarta XML Binding, ndipo kuyambira version 3.0 dzina la package linasintha kuchoka ku javax.xml.bind kukhala jakarta.xml.bind. Phunziro limene munatsatira linalembedwa zonsezi zisanachitike.

Tisanafike pa kukonza, pali funso limene liyenera kuyankhidwa laibulale isanasankhidwe: mwini wake wa maonekedwe a XML imeneyi ndani? Ngati ndinu, kutanthauza kuti mumalemba failo n'kudzaiwerenga nokha, muli ndi ufulu, laibulale iliyonse yophweka ikwanira. Ngati mwini wake ndi wina amene wakupatsani XSD, ufulu umenewo mulibe. XSD ndi pangano. Imanena dzina la element iliyonse, namespace yake, imene ibwere patsogolo ndi imene itsatire, imene ikhoza kusowa, komanso ngati nambala ili ndi madesimo. Kampani inayo ikalandira failo yanu idzaiyeza ndi XSD yomweyo, ndipo element imodzi ikangokhala pamalo olakwika, invoice yonse ibwezedwa. Pa nkhani yanu ndingatenge JAXB mosazengereza, chifukwa pa zitatuzi ndi yokhayo imene inapangidwa kuti iyambire ku XSD n'kupita ku code. Zinazo zimayambira ku ma class anu n'kutulutsa XML yofanana nawo.

Mu pom.xml ikani zinthu ziwiri: jakarta.xml.bind-api ya gulu la jakarta.xml.bind, ndi jaxb-runtime ya org.glassfish.jaxb. Choyambacho ndi mayina chabe a ma interface ndi ma annotation, chachiwiri ndiye chimagwira ntchito. Mukaika choyamba chokha, code idzadutsa pa compile bwinobwino koma poyendetsa idzagwa ndi uthenga woti implementation sinapezeke. Pa Spring Boot 3 musalembe nambala ya version, Boot imasankha yokha za mndandanda wa 4.0 zimene zimagwirizana. Samalani kuti musasakanize mibadwo iwiri. Ma class okhala ndi ma annotation a javax akaperekedwa kwa runtime ya jakarta, runtime imawaona ngati alibe annotation iliyonse, ndiye imadandaula kuti @XmlRootElement palibe pomwe inu mukuiona ndi maso pamwamba pa class. Anthu amataya tsiku lathunthu pa zimenezi. Yang'anani mizere ya import kaye.

Ma class musalembe pamanja. Ikani plugin ya Maven yoyendetsa xjc, monga jaxb2-maven-plugin ya MojoHaus ya version 3 kupita m'tsogolo kapena jaxb-maven-plugin ya org.jvnet.jaxb ya version 4, muilozere ku mafailo a XSD aja, ndipo ma class azipangidwa nthawi iliyonse mukamanga pulojekiti. Amene apangidwawo musawakhudze ndipo musawasunge mu Git, sungani XSD. Kampani inayo ikadzasintha schema, mudzangosintha failo imodzi, kenako compiler idzakuonetsani malo onse mu code yanu amene athyoka. Phindu lalikulu la njira imeneyi ndi lomweli. Langizo lina: ma class a xjc asafike ku database kapena ku mbali zina za pulogalamu. Akhale pakhomo pokha, ndipo mulembe kachigawo kosamutsa zinthu kuchoka m'menemo kupita ku ma class anu enieni. Ndi onyansa kuwaona, ali ndi mayina ataliatali ndi ma List opanda setter, ndipo mawa akhoza kusintha osakufunsani.

Tsopano za XStream. Mnzanuyo sananame, ndi mizere iwiri: toXML ndi fromXML. Joe Walnes anaipanga kuti object iliyonse ya Java isungidwe ndi kubwezedwa monga inalili, ndipo pa ntchito imeneyo ndi yabwino kwambiri. Imalowa ngakhale m'ma field a private, sifuna constructor yopanda kanthu, ndipo object ikamaloza inzake yomwe ikulozanso iyo, XStream imalemba attribute ya reference m'malo mozungulira kosatha. Koma taonani zimene imatulutsa. Class yanu ikakhala com.shopu.model.Invoice, element yoyamba imatuluka ndi dzina lonselo pokhapokha mutaika alias. Field yotchedwa total_amount imatuluka ngati total__amount, timizere tiwiri, chifukwa XStream imasunga kamzere kamodzi kuti kazithandiza kulemba chizindikiro cha dola chimene chimapezeka m'mayina a ma inner class. Ma namespace sadziwika kwenikweni, pokhapokha mutavutika ndi StaxDriver ndi QNameMap. Kuti mufike pa XML yogwirizana ndi XSD ya anthu ena mudzalemba ma alias ndi ma converter ochuluka mwakuti mizere iwiri ija idzasanduka mazana.

Vuto lalikulu kuposa limenelo ndi chitetezo. Popeza XStream imawerenga dzina la class kuchokera mu XML n'kupanga object ya class imeneyo, munthu amene akutumizirani failo ndiye akusankha chimene seva yanu ipange. Wachiwembu akhoza kulumikiza ma class osalakwa omwe ali kale pa classpath mpaka seva iyendetse lamulo lake. Zinachitikadi mu September 2017 pa REST plugin ya Apache Struts, cholakwika cholembedwa ngati CVE-2017-9805, pomwe XStream inkawerenga XML yochokera kunja popanda kusefa. Kwa zaka zambiri oisamalira ankangowonjezera mayina pa mndandanda wa ma class oletsedwa, ofufuza n'kumapeza njira zina, mpaka pa version 1.4.18 mu August 2021 anatembenuza lamulo: tsopano zonse n'zoletsedwa kupatula zimene mwalola ndi allowTypes kapena allowTypesByWildcard. Choopsa n'chakuti munthu akakumana ndi ForbiddenClassException amathamangira kuika AnyTypePermission.ANY kuti uthengawo uchoke, ndiye watsegulanso chitseko chonse. XStream isiyireni zinthu zanu zam'kati, monga kusunga zokonda za pulogalamu kapena zinthu zoyesera, komwe wolemba ndi wowerenga ndinu nokha. XMLDecoder imene imabwera ndi Java ili m'gulu lomwelo, yoopsanso kuposa, poti XML yake imatha kuitana method iliyonse.

Jackson ndiye imafuna kuiganizira mofatsa, chifukwa mnzanu wachiwiriyo ali ndi mfundo. Mukawonjezera jackson-dataformat-xml mumapeza XmlMapper, yomwe imagwira ngati ObjectMapper imene mukuidziwa kale. Imayenda mofulumira, pansi pake pali parser ya XML yotchedwa Woodstox, yolembedwa ndi Tatu Saloranta yemweyo amene anayambitsa Jackson. Imadziwa ma record kuyambira 2.12, ndipo ndi module ya jsr310 imamva LocalDate ndi anzake, zimene JAXB siichita yokha. Mukanakhala kuti muli ndi REST API yanu imene mukufuna izipereka JSON kwa ena ndi XML kwa ena kuchokera ku ma class omwewo, ndikanakuuzani kuti tengani Jackson, nkhani yatha.

Koma Jackson imaona XML ndi maso a JSON, ndipo XML ili ndi zinthu zimene JSON ilibe. Mndandanda ndi chitsanzo chapafupi. JSON ili ndi chizindikiro chake cha mndandanda, XML ilibe, imangobwereza element. Jackson 2 imaganiza kuti List iliyonse yakutidwa ndi element ina, ndiye field yotchedwa line imatuluka ngati line m'kati mwa line. XSD ikamafuna mizere yosakutidwa, muyenera kuika @JacksonXmlElementWrapper yokhala ndi useWrapping = false pa List iliyonse. Attribute iliyonse imafuna isAttribute = true. Dongosolo la ma element limafuna @JsonPropertyOrder pa class iliyonse. Polemba, mukaika namespace pa element yoyamba yokha, ana ake amatuluka ndi xmlns yopanda kanthu, kutanthauza kuti ali kunja kwa namespace, ndipo woyeza wa kampani inayo awakana. Powerenga imayang'ana dzina lalifupi lokha, ndiye ma element awiri ofanana dzina a m'ma namespace osiyana imawasokoneza. Mawu osakanikirana ndi ma tagi, monga ndime yokhala ndi mawu ena akuda pakati, sitha kuwasunga bwino. Zonsezi zimatheka kuzizungulira pa schema ya ma element khumi. Pa schema ya invoice ya ma element mazana, mukhala mukulembanso XSD pamanja, ndipo palibe chida chodzakuuzani pamene mwaphonya.

Mayina ena mudzawaona m'maphunziro akale: Castor, JiBX, Simple XML. Musayambe nawo ntchito yatsopano. Simple inaima pa 2.7.1 mu 2013. XMLBeans inapumitsidwa ndi Apache kenako gulu la POI linaidzutsa chifukwa limaifuna powerenga mafailo a Office, koma kwa inu ilibe chimene ikuposa JAXB.

Mwasankha JAXB, tiyeni tione pamene imaluma.

Choyamba ndi liwiro. JAXBContext.newInstance ndi yolemera kwambiri, chifukwa imasanthula ma class onse. Ipangeni kamodzi pulogalamu ikamayamba, muisunge; ma thread onse akhoza kuigawana. Marshaller (yolemba XML) ndi Unmarshaller (yowerenga XML) ndi zopepuka koma sizigawanika, ndiye pangani yatsopano pa uthenga uliwonse. Anthu ambiri amene amati JAXB ndi yochedwa amakhala akupanga context pa request iliyonse. Amene amati imatulutsa zosokonekera mwa apo ndi apo amakhala asunga Unmarshaller imodzi mu field ya static.

Chachiwiri ndi ulemu wake wopitirira muyeso. JAXB ikakumana ndi element imene siidziwa, imangoidumpha osanena kanthu. Ikapeza mawu pamalo a nambala, imasiya field ilibe kanthu n'kupitiriza. Namespace ya ana ikasiyana ndi imene ikuyembekezera, mumalandira object yooneka bwino koma ma field onse ali null, popanda exception. Pa invoice zimenezi ndi ngozi, chifukwa ndalama zosowa zimaoneka ngati ziro. Mankhwala ake ndi kupanga Schema kuchokera ku XSD kamodzi, n'kumaiika ndi setSchema pa Unmarshaller komanso pa Marshaller. Poika pa Marshaller mumagwira zolakwa zanu failo isanachoke, zomwe ndi bwino kusiyana ndi kuuzidwa ndi kampani inayo patapita masiku atatu.

Chachitatu ndi manambala ndi masiku. xs:decimal imasanduka BigDecimal, ndipo ikhale choncho mpaka ku database. Mukadutsa pa double, 0.1 kuphatikiza 0.2 imatuluka 0.30000000000000004, ndipo 10000000 imalembedwa 1.0E7, zomwe xs:decimal siilola. Masiku amabwera ngati XMLGregorianCalendar, class yosasangalatsa yomwe ili ndi msampha wake. Tinene kuti invoice ndi ya pa 2024-03-01 ndipo yabwera ndi +02:00 kumapeto. Mukaisandutsa nthawi yeniyeni n'kuiwerenga pa seva ya UTC, pakati pa usiku pa 1 March pamakhala 22:00 pa 29 February, invoice yagwera mwezi wina. Ngati schema ikuti xs:date, gwiritsani LocalDate. Lembani XmlAdapter yaing'ono ya parse ndi toString, muitchule mu failo ya ma binding ya xjb kuti xjc iziika yokha paliponse. Pa xs:dateTime tengani OffsetDateTime, ndipo mufunse kampani inayo kuti nthawi yopanda offset amatanthauza ya kuti.

Pali kanthu kenanso kamene kamadabwitsa oyamba: ma field ena amatuluka ngati JAXBElement m'malo mwa String. Zimachitika element ikakhala ndi minOccurs ya 0 komanso nillable. Zikatero pali zinthu zitatu zosiyana, element kusowa, element kukhalapo ndi xsi:nil, ndi element kukhala ndi mawu, ndipo null imodzi singakwanitse kusiyanitsa ziwiri zoyambazo. Musathamangire kuchotsa JAXBElement musanafunse. M'mauthenga osintha zinthu, kusowa kumatha kutanthauza kuti musakhudze, pomwe nil ikutanthauza kuti fufutani.

Tifike pa failo ya 600 MB. Musaipereke yonse kwa unmarshal. Ma object a Java amadya memory kuwirikiza kangapo kukula kwa failo, ndiye mudzaona OutOfMemoryError kapena seva ikupuma movutikira usiku wonse. Failo yotereyi pafupifupi nthawi zonse imakhala element imodzi yokuta ndi zikwizikwi za ma invoice m'kati. Yendani nayo ndi StAX, njira ya Java yowerengera XML pang'onopang'ono osaikweza yonse mu memory, ndipo JAXB muziipatsa invoice imodziimodzi:

```java
XMLInputFactory f = XMLInputFactory.newFactory();
f.setProperty(XMLInputFactory.SUPPORT_DTD, false);
f.setProperty(XMLInputFactory.IS_SUPPORTING_EXTERNAL_ENTITIES, false);
XMLStreamReader r = f.createXMLStreamReader(in);
Unmarshaller u = CONTEXT.createUnmarshaller();
while (r.hasNext()) {
    if (r.isStartElement() && "Invoice".equals(r.getLocalName())) {
        sunga(u.unmarshal(r, Invoice.class).getValue());
    } else {
        r.next();
    }
}
```

Onetsetsani pamene pali next. Ili mu else mwadala. unmarshal ikamaliza imasiya cholozera patsogolo pa tagi yotseka, pa chinthu chotsatira. Failo ikakhala yolembedwa mokongola, chotsatiracho ndi mpata kapena mzere watsopano, ndiye next yowonjezera siiwononga kanthu ndipo mayeso anu onse amadutsa. Tsiku limene adzatumize failo yopanda mipata, chotsatiracho ndi tagi yotsegula invoice yachiwiri, next iidumpha, ndipo mudzasunga theka la ma invoice popanda uthenga uliwonse wodandaula. Yesani ndi mitundu yonse iwiri ya failo, ndipo ngati failo ili ndi nambala ya ma invoice kumutu kapena kumapeto, muziiyerekeza ndi amene mwasunga. Posunga, musaunjike onse mu List. Lembani ku database m'magulu a 500 kapena 1000, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito JPA muzichita flush ndi clear pa gulu lililonse, apo ayi memory imene mwapulumutsa kuno idzadzaza uko.

Mizere iwiri ya setProperty ija si yokongoletsa. XML imalola failo kulengeza DOCTYPE yokhala ndi ma entity, ndipo entity ikhoza kuloza failo ya pa seva yanu kapena adiresi ya m'kati mwa netiweki yanu. Parser yosatetezedwa imapita kukatenga n'kuika zam'katimo mu object. Chiwembu chimenechi chimatchedwa XXE. China ndi billion laughs: ma entity khumi, iliyonse yoitana yam'mbuyo kakhumi, failo yosakwana 1 KB n'kufufuma kufika pafupifupi 3 GB. Ma invoice safuna DTD, yomwe ndi mbali imene DOCTYPE ija imalengeza, ndiye itsekeni kotheratu. Njira yomweyi ya XMLStreamReader muigwiritsenso ntchito pa mauthenga aang'ono, kuti chitetezo chisadalire zimene laibulale inasankha yokha pa version imene muli nayo. SchemaFactory nayo muiletse kukatenga zinthu pa intaneti. Ma XSD onse akhale m'pulojekiti.

Za zilembo: perekani InputStream kwa parser, osati Reader kapena String. Mzere woyamba wa XML umanena encoding, ndipo parser imauwerenga yokha ikapatsidwa ma byte. Mukausandutsa String nokha ndi encoding yolakwika, zilembo monga é ndi ŵ zimasanduka zinyalala parser isanaone n'komwe. Uthenga woti Content is not allowed in prolog nthawi zambiri umachokera ku BOM (chizindikiro chosaoneka cha kumayambiriro kwa failo) kapena chilembo china chosafunika chimene chili patsogolo pa tagi yoyamba. Polemba, dziwani kuti XML 1.0 imaletsa zilembo zosaoneka za m'munsi mwa 32 kupatula tab ndi ziwiri za mzere watsopano. Munthu akakopera dzina kuchokera ku pulogalamu ina n'kubwera ndi chilembo choterocho, failo yanu ikhoza kulembeka koma wolandira alephera kuitsegula. Sefani mawu asanalowe mu object.

Musanalumikize ku seva yawo, tengani chitsanzo chilichonse chimene anakupatsani, muchiwerenge, muchilembenso, kenako muyerekeze ziwirizo ndi XMLUnit. Musayerekeze ngati String, chifukwa JAXB imatcha ma prefix ns2 ndi ns3, zomwe mu XML n'zofanana ndi prefix ina iliyonse. Ngati kampani inayo ikukana failo chifukwa cha prefix yokha, ndiye kuti parser yawo ndi yolembedwa pamanja. Mutha kuwasangalatsa poika @XmlNs mu package-info.java. Ndipo zitsanzo zawozo muziyeze ndi XSD yawo yomwe. Si zachilendo kupeza kuti sizigwirizana.

Zikapezeka kuti sizigwirizana, musayese kulota nokha chimene akufuna. Alembereni, muwatumizire mzere umene ukukana, ndipo yankho likhale lolembedwa. Pali malo enanso atatu amene ndingakulangizeni kupeza munthu wozolowera. Ngati mauthenga akufunika kusainidwa ndi XML Signature, dongosolo limasintha: mumasaina DOM yomalizidwa, ndipo kuidutsitsanso mu JAXB kapena kungoikongoletsa ndi mipata kumaphwanya siginecha. Ngati apereka WSDL osati XSD yokha, ndiye ndi SOAP, ndipo mukufunika Apache CXF kapena Spring Web Services pamwamba pa JAXB. Ndipo ngati xjc ikukana kupanga ma class chifukwa cha mayina ogundana, monga uthenga wa Property "Value" is already defined, zimakonzedwa mu failo ya xjb osakhudza XSD, koma XPath yolozera malo ogundanawo imavuta ulendo woyamba. Seva imene imalandira XML kuchokera kunja ionedwenso ndi wodziwa za chitetezo isanatsegulidwe, ndipo mumuonetse malo onse amene parser imapangidwa, kuphatikizapo amene ali m'malaibulale ena omwe munangowaika.